Mwana wanga akufuna kutsata mapazi a Kazushi Sakuraba: kodi ndimulole?

Kalata yomwe ndikuyankha lero yachokera kwa bambo wina amene ali ndi mnyamata wa zaka 16. Alemba motere: "Mwana wanga watengeka mtima ndi Mjapani wina wotchedwa Kazushi Sakuraba, ndipo tsiku lililonse amaonera makanema ake pa foni. Ine ndimadziwa kuti wrestling ya pa kanema ndi sewero lokonzeratu, koma iye akuti munthu ameneyu anachokera ku wrestling komweko n'kukagonjetsa akatswiri a ndewu zenizeni, choncho wrestling si yabodza. Tsopano akufuna kuyamba masewera onse awiri, ndipo wayamba kale kugwetsa ang'ono ake pa matilesi. Kodi zimene akunenazi ndi zoona? Nanga ndimulole kapena ndimuletse?"

Bambo, choyamba mtima ukhale m'malo, chifukwa pa anthu onse amene mnyamata wa msinkhu umenewu akanatha kuwasirira m'masewera a ndewu, mwana wanuyo wasankha munthu amene ankapambana ndi nzeru ndi luso osati ukali. Ndakhala ndikuphunzitsa achinyamata masewera ogwetsana kwa zaka zambiri, ndipo amene amabwera atakopeka ndi Sakuraba savuta kuwaphunzitsa, popeza amafika ali kale ndi chidwi chofuna kudziwa mmene mkono umapindidwira kapena mmene munthu wamkulu thupi amagwetsedwera. Pa mkangano wanu uja, nonse awiri mukunena zoona, koma aliyense wagwira mbali imodzi yokha, ndipo kuti mbali ziwirizi zikumane tiyenera kuyamba ndi mmene zinthu zinalili ku Japan.

Ku Japan wrestling imatchedwa puroresu, ndipo monga kwina kulikonse wopambana amadziwika masewera asanayambe. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko anthu a wrestling anakhala zaka zambiri akuumirira kuti iwo ndi amene ali amphamvu kuposa ankhonya, a karate ndi a judo. Antonio Inoki, katswiri wa puroresu, ndiye anafalitsa kwambiri ganizo limeneli, mpaka anakumana ndi Muhammad Ali ku Tokyo pa 26 Juni 1976, m'masewera amene anatha maraundi 15 popanda wopambana. Pambuyo pake panabuka magulu amene ankachita wrestling yooneka ngati ndewu yeniyeni, yopanda kudumpha kuchokera pamwamba pa zingwe, yodzaza ndi mateche ndi kupinda mfundo za thupi. Zotsatira zinali zokonzeratu ndithu, koma m'nyumba zawo zophunzirira anyamata ankalimbana zenizeni tsiku ndi tsiku. Limodzi mwa magulu amenewa linali UWF International, lomwe nkhope yake inali Nobuhiko Takada, ndipo kumeneko n'kumene Sakuraba anayambira ntchito, n'kuonekera koyamba pa bwalo mu 1993.

Mfundo imene mwana wanu akuidumpha ili apa. Sakuraba, yemwe anabadwa pa 14 Julayi 1969 m'chigawo cha Akita kumpoto kwa Japan, sanaphunzire kulimbana pa bwalo la sewero. Anayamba ali ku sekondale masewera ogwetsana a mpikisano weniweni, omwe aja timawaona pa Olympics, ndipo anapitiriza pa yunivesite ya Chuo. Pofika ku UWF International anali atatha kale zaka zambiri akugwetsa anthu amene sankafuna kugwetsedwa. Kumeneko anakumananso ndi Billy Robinson, mkulu wa ku England amene anakulira m'kalimbanidwe kakale ka ku Lancashire kotchedwa catch wrestling, komwe cholinga chake ndi kugwira mkono, mwendo kapena khosi la mnzako mpaka avomereze kuti wagonja. Zinthu ziwirizi ndizo zinamupatsa mphamvu. Sewero linamupatsa zina, monga kusaopa chinamtindi cha anthu, kudziwa kusangalatsa oonera, ndi chizolowezi chake cholowa m'bwalo atavala chigoba kumaso, koma sewerolo silimene linkagwetsa anthu.

Umboni wake ndi zimene zinachitikira akuluakulu ake a m'gulu lomwelo. Mu Disembala 1994, Yoji Anjo anakwera ndege kupita ku Los Angeles kukaputa Rickson Gracie wa ku Brazil, katswiri wa jiu-jitsu (luso logwetsana ndi kupindana mfundo za thupi), m'nyumba yake yophunzitsira, ndipo anatulukamo nkhope ili magazi okhaokha. Pa 11 Okutobala 1997, pa mpikisano woyamba wa PRIDE, kampani ya ku Japan ya ndewu zenizeni zosakaniza nkhonya, mateche ndi kugwetsana (MMA), ku Tokyo Dome, Takada mwiniwake anagonja kwa Rickson yemweyo raundi yoyamba isanathe, atapindidwa mkono. Anthu a ku Japan zinawapweteka kwambiri, makamaka chifukwa jiu-jitsu ya banja la Gracie inachokera kwawo komweko: Mitsuyo Maeda, katswiri wa judo wa ku Japan, ndiye anakafika nalo lusoli ku Brazil, kumene a Gracie analiphunzira n'kulisintha. Choncho kukhala wa wrestling pakokha sikunateteze Anjo kapena Takada, ngakhale kuti pa bwalo la sewero anali pamwamba pa Sakuraba.

Miyezi iwiri chigonjereni Takada, pa 21 Disembala 1997, UFC, kampani ya ku America ya ndewu za MMA, inachititsa mpikisano wake ku Yokohama. Sakuraba analowamo m'malo mwa mnzake Hiromitsu Kanehara amene anavulala, ndipo anakumana ndi Marcus Silveira wa ku Brazil, yemwe ankamuposa ndi makilogalamu oposa 20. Ali mkati molimbana, Sakuraba anawerama kuti agwire miyendo, koma woimbira masewerawo, John McCarthy, anaganiza kuti wagwa ndi nkhonya, n'kuimitsa ndewu. Ataonanso kanema, anapeza kuti panali kulakwitsa, ndipo popeza Tank Abbott amene anayenera kulowa ndime yomaliza anavulala dzanja, awiriwa anawabwezanso m'bwalo usiku womwewo. Sakuraba anapinda mkono wa Silveira n'kupambana, kenaka anauza khamu lija kuti anthu a wrestling ndi amphamvu ndithu. Mawu amenewa ndi amene mwana wanu akuwabwereza, kaya akudziwa gwero lake kapena ayi.

Zaka zitatu zotsatira ndizo zinamupangira dzina. Mu PRIDE anagonjetsa Vernon White, Carlos Newton ndi Vitor Belfort, kenaka mu Novembala 1999 anakumana ndi Royler Gracie. Anamugwira mkono m'njira imene imatchedwa kimura, yopindira dzanja kumbuyo mpaka phewa litafika pa malire, ndipo woimbira anaimitsa masewera ngakhale kuti Royler sanavomereze kugonja. Dzina la kagwiridwe kameneka lili ndi mbiri yake, chifukwa linachokera kwa Masahiko Kimura, amene anagonjetsa nako Helio Gracie, bambo wake wa Royler, ku Rio de Janeiro mu 1951. A Gracie anadandaula kuti woimbira anafulumira, ndipo pamene Royce Gracie, amene anatenga mipikisano itatu mwa inayi yoyambirira ya UFC, anavomera kudzabwezera, anafuna malamulo akeake: nthawi ikhale yopanda malire, ndipo woimbira asakhale ndi mphamvu zoimitsa ndewu.

Anakumana pa 1 Meyi 2000 ku Tokyo Dome, ndipo ngati pali kanema mmodzi amene ndingakupempheni kuti muonere limodzi ndi mwana wanu, ndi ameneyu, ngakhale kuti ndi wautali. Analimbana maraundi 6 a mphindi 15 iliyonse, kutanthauza ola limodzi ndi theka. Sakuraba sanathamangire chilichonse. Ankakana kugwera m'misampha ya Royce pansi, ankakoka chovala cha Royce cha jiu-jitsu n'kuchisandutsa chomangira mwiniwake, ndipo nthawi itapita anayamba kumenya miyendo ndi mateche mobwerezabwereza mpaka Royce analephera kuima bwino. Mkulu wake wa Royce, Rorion Gracie, anaponya thaulo kusonyeza kuti agonja. Ine ndimauza anyamata anga kuti aone kupuma kwa Sakuraba, mmene mapewa ake analili omasuka pamene mnzakeyo ankalimbikira ndi mphamvu zonse, chifukwa luso limeneli silibwera ndi kulimba mtima koma ndi zaka zambiri zolimbana pa mateti. Mu Ogasiti chaka chomwecho anagwira Renzo Gracie ndi kimura yomweyo mpaka chigongono chinaguluka, ndipo mu Disembala anagonjetsanso Ryan Gracie. Ndewu zimenezi ndizo zinamupatsa dzina lakuti mlenje wa a Gracie.

Koma mbali imene inuyo monga kholo muyenera kuidziwa inayamba usiku womwewo wa ndewu ya Royce. Atamaliza mphindi 90 zija, Sakuraba anabwereranso m'bwalo kukakumana ndi Igor Vovchanchyn wa ku Ukraine, munthu wolemera kumuposa komanso wa nkhonya yoopsa, ndipo analimbana naye mphindi zina 15 anthu ake asanamuimitse. Oonera anaombera m'manja, koma ine ndikaganiza za usiku umenewo ndimamva chisoni, chifukwa unasonyeza okonza masewera kuti munthu ameneyu sakana. Thupi lake linali la makilogalamu pafupifupi 85, pamene gulu limene PRIDE inkamuikamo linkafika makilogalamu 93, ndipo ena mwa adani ake ankachita kudzichepetsa thupi kuti afike pa 93 pomwepo. Gulu la makilogalamu 83, lomwe likanamuyenera, PRIDE inalikhazikitsa mu 2005, iye ataphwanyika kale.

Taonani zimene zinatsatira. Mu Malichi 2001 anakumana ndi Wanderlei Silva wa ku Brazil, pa nthawi imene malamulo anali atangoyamba kulola mawondo ndi mateche kumutu kwa munthu amene wagwada pansi, ndipo anagonja mphindi ziwiri zisanakwane. Mu Novembala chaka chomwecho anakumananso, Silva anamunyamula n'kumumenyetsa pansi, ndipo fupa lolumikiza phewa ndi chifuwa linathyoka. Mu Ogasiti 2002 anamuika ndi Mirko Cro Cop wa ku Croatia, munthu wa gulu la olemera kwambiri, ndipo fupa lozungulira diso linasweka. Mu 2003 Silva anamugonjetsa kachitatu pomukomola. Pakati pa zonsezi ankapambanabe ndewu zina zodabwitsa, monga pamene anatsamwitsa Quinton Jackson mu 2001 ndi pamene anapinda mkono wa Kevin Randleman mu 2003, ndipo kupambana kotereku n'kumene kunkachititsa kuti amupatsenso wina wamkulu. Pa 31 Disembala 2010, polimbana ndi Marius Zaromskis, khutu lake linang'ambika mpaka kulendewera. Mu Disembala 2015, ali ndi zaka 46, anamenyedwa ndi Shinya Aoki atamukhalira pamsana mpaka anthu ake anaponya thaulo. Aliyense amene anaona mawondo ake m'zaka zimenezi akukumbukira mmene ankamangidwira ndi mabandeji kuyambira m'ntchafu mpaka m'katumba.

Makanema aafupi amene amayenda pa foni saonetsa zimenezi. Amadula mphindi ziwiri za kupambana n'kusiya zaka khumi za kuvulala. N'chifukwa chake ndikuti musamuletse kuonera, koma muonetsetse kuti waona mbiri yonse.

Sakuraba anabwerera ku wrestling mu 2012, pamene analowa New Japan Pro-Wrestling limodzi ndi Katsuyori Shibata, ndipo pa 4 Januwale 2013 anasewera ndi Shinsuke Nakamura ku Tokyo Dome masewera amene okonda puroresu amawatchulabe. Pambuyo pake anaseweranso mu Pro Wrestling NOAH, kumene mu 2020 anatenga lamba wa anthu awiriawiri ndi Takashi Sugiura. UFC inamulemekeza pomuika m'gulu la akatswiri ake osaiwalika mu 2017. Koma chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi chimene anayambitsa mu 2018, mpikisano wotchedwa QUINTET, m'mene matimu a anthu asanu asanu amalimbana mogwetsana ndi kupindana popanda nkhonya kapena teche, ndipo wopambana amatsala pa mateti kudikira wotsatira. Munthu amene anamenyedwa kumutu zaka zonse zija, atapeza mwayi wokonza masewera akeake, anachotsamo kumenya. Mfundo imeneyi ndi yothandiza pokambirana ndi mwana wanu, chifukwa yachokera kwa munthu amene iye amamukhulupirira.

Tsopano tibwere pa funso lakuti mumulole kapena ayi. Kumuletseratu sindikukulimbikitsani, popeza mnyamata wa zaka 16 amene waletsedwa amakachitira kuseri, pa mchenga kapena pa simenti, ndi anzake amene sadziwa kugwa. Chimene muyenera kuletsa lero lomwe ndi kugwetsa ang'ono ake pa matilesi. Anthu a wrestling amatha miyezi yambiri akuphunzira kugwa kokha asanaloledwe kunyamula munthu, ndipo wonyamulidwayo amakhala akuthandiza, akudziwa nthawi yopinda khosi ndi yomenyetsa manja pansi. Mwana wamng'ono sadziwa zimenezi, khosi lake ndi lanthete, ndipo kugwera mutu kamodzi kokha kungamupuwalitse moyo wake wonse. Apa musanyengerere.

Njira imene ndikuiona yabwino ndi imene Sakuraba mwiniwake anadzera: ayambe ndi masewera ogwirana okha, kaya judo, kaya kugwetsana kwa mpikisano, kaya jiu-jitsu, malinga ndi zimene zikupezeka kufupi ndi kwanu. Judo ndiyo kawirikawiri imapezeka msanga, ndipo ubwino wake ndi wakuti phunziro loyamba ndi kugwa bwino. Atheko zaka ziwiri kapena zitatu asanaganize zolandira nkhonya kumutu, ndipo za MMA ya mpikisano zidikire mpaka atapitirira zaka 18 ndi kumaliza sukulu, monganso Sakuraba anayamba ntchitoyi atadutsa ku yunivesite. Wrestling ya sewero asaiphunzire kuchokera pa kanema ayi. Popanda mphunzitsi amene anaichitapo ndiponso bwalo lopangidwira zimenezo, ingodikira.

Musanamusiye m'manja mwa mphunzitsi aliyense, pitani nokha mukakhale pansi muonerere tsiku limodzi lathunthu. Onani ngati pali mateti okwanira ndiponso ngati amawapukuta, chifukwa zipere ndi zilonda za pakhungu zimafala msanga pamalo auve. Onani ngati ana amawaphatikiza molingana ndi kulemera ndi luso lawo. Onani chimene chimachitika wina akagogoda pansi kusonyeza kuti wagonja: ngati mnzakeyo samasula nthawi yomweyo, kapena ngati mphunzitsi amaseka wogonjayo, mutengeni mwana wanu muzipita. Zaka zapitazo ndinalandira mnyamata amene anachokera ku malo ena ophunzirira, kumene watsopano aliyense ankamuika ndi wamkulu wa onse kuti amuyese mtima. Anafika kwa ine phewa likuguluka lokha akangokweza mkono, ali ndi zaka 17 zokha, ndipo sanabwererenso pa mpikisano. Chizolowezi chofanizira wamng'ono ndi wamkulu n'chimene chinawononga thupi la Sakuraba, yemwe anali katswiri wa dziko lonse lapansi, ndiye mwana wongoyamba kumene sangachipirire. Samalaninso ndi mphunzitsi amene amauza ana kuti asamwe madzi kapena asadye kuti atsike sikelo. Thupi limene likukula silifunika zimenezo, ndipo kuuma kwa madzi m'thupi kumawononga impso.

Asanayambe, mupite naye kuchipatala akamupime, makamaka ngati anakomokapo, ngati amadwala khunyu kapena mphumu, ngati amamva kupweteka pachifuwa akathamanga, kapena ngati m'banja mwanu munamwalirapo wachinyamata mwadzidzidzi. Funsaninso za katemera wa matenda a chiwindi a mtundu wa B, popeza m'masewera amenewa magazi amatuluka nthawi zina.

Akayamba, nkhani ya mutu ndiyo muziyang'anira koposa zonse, chifukwa ngakhale m'masewera opanda nkhonya munthu amatha kumenyetsa mutu pogwa. Ubongo ukagwedezeka sikuti nthawi zonse munthu amakomoka. Ngati wabwera kunyumba akudandaula mutu, chizungulire, kuona zinthu ziwiriziwiri, kudana ndi kuwala, kapena ngati akufunsa funso limodzimodzi kangapo, asabwerere ku masewera mpaka dokotala atamuona ndi kumulola, ngakhale iye atanena kuti ali bwino. Kumenyedwanso kachiwiri ubongo usanachire ndiko koopsa kwambiri kwa achinyamata. Ngati anakomoka ngakhale pang'ono, ngati akusanza mobwereza, mutu ukukulirakulira, akusokonezeka kapena akuvuta kudzutsa, wagwidwa ndi kunjenjemera konga khunyu, kapena m'mphuno kapena m'khutu mukutuluka madzi oyera kapena magazi, musadikire kuti kuche, thamangani naye kuchipatala usiku womwewo. Akagwera khosi n'kumamva dzanzi kapena kufooka m'manja ndi m'miyendo, asamudzutse kapena kumukoka. Mutu ndi khosi zigwiridwe kuti zisasunthe mpaka atafika kwa achipatala. Khutu likatupa ndi magazi, achipatala alione pasanathe masiku awiri, lisanaume n'kupindika, ndipo asaliboole yekha ndi singano. Mfundo imene yatupa n'kulephera kunyamula thupi kapena kupindika ikufunika kujambulidwa, osati kungoithowa ndi madzi otentha.

Pokambirana naye, muuzeni mosabisa kuti pa nkhani ya Sakuraba wanena zoona: munthu wa wrestling anagonjetsadi anthu anayi a banja la Gracie m'miyezi 13, ndipo ndewu zimenezo sizinali zokonzeratu. Kenaka mumufunse kuti akufotokozereni chimene chinachititsa kuti Takada alephere pamene Sakuraba anapambana, popeza onse anachokera m'gulu limodzi. Akakuyankhani kuti kusiyana kunali zaka zija za kusekondale ndi kuyunivesite, ndiye kuti mungayambe kufunsa za malo ophunzirira judo, ndipo tsiku loyamba mupite naye inuyo.